Bokosi linkaluma, ine ndinkaimba mlandu mwana

Mu 2021, ntchito itandithera pakati pa mliri wa Covid-19, ndinatenga kandalama kotsanzikirana n'kutsegula kashopu kotaipa makalata, kusindikiza ma CV ndi kubena nyimbo ku Kanjedza kumene ndimakhala. Malo ndinapeza m'mbali mwa msewu umene anthu amadutsa popita ku Limbe. Anzanga anandilangiza kuti ndigule kompyuta yathunthu ya kaunjika, mwa zija zochokera m'maofesi a kunja, koma ndinakana. Ndinali nditaonera mavidiyo ambiri pa YouTube, komanso kuntchito kwanga kuja ndine amene ndinkaitanidwa pulinta ikatafuna pepala. Zimenezi zinandikwanira kudzitcha injiniya, ndipo ndinalengeza kuti yanga ndimanga ndekha.

Zipangizo ndinatolera uku ndi uku. Motherboard ya H61 ndi processor ya Core i5 ya m'chaka cha 2011 ndinagula kwa mnyamata wina wa pa Facebook amene tinakumana ku Ginnery Corner. RAM ndinaipeza ku Limbe, hard disk ndinazula mu laputopu yakufa ya mlamu wanga, bokosi linali lachitsulo lakalekale. Pofika pa power supply m'thumba munali mutapepuka. Pa tebulo la wogulitsa panali ziwiri. Ina inali yakale, yafumbi, yolemera, yolembedwa 300W. Ina inali yatsopano m'katoni, yonyezimira, yolembedwa 500W, mtengo wake wotsikirapo. Nditainyamula ndinamva kuti ndi yopepuka modabwitsa, koma mumtima ndinangoti wogulitsayu sadziwa katundu wake. Chingwe chake chinali ndi pulagi ya ku Ulaya ya mano awiri obulungira, yosalowa m'masoketi athu a mano atatu. Ndinangogula ekisitenshoni yotchipa ija yolandira pulagi ya mtundu uliwonse, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lomanga, mabowo awiri a USB a kutsogolo anandivutitsa. M'mabokosi akale mawaya ake samangidwa pamodzi, kawaya kalikonse kamakhala ndi kamutu kakekake, ndipo munthu umayenera kukabaya pa dzino lake pa motherboard. USB 2.0 imayenda ndi mawaya anayi: wofiira wonyamula 5V, woyera ndi wobiriwira onyamula uthenga, ndi wakuda wobwezera magetsi. Ine mzere umodzi ndinaulumikiza chotembenuza. Flashi ya mayi akunyumba, momwe munali nyimbo za kwaya yawo ya Mvano, inatentha ndili chiigwirire, fungo la pulasitiki lowauka n'kudzaza chipinda. Ndinawerenga bwino, n'kukonza. Koma kukonza kumeneko n'kumene kunandiwononga, chifukwa kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza mumtima kuti za m'kati mwa bokosi ndathana nazo. Vuto lililonse lobwera pambuyo pake liyenera kukhala la Windows, la mavairasi kapena la anthu.

Chakumapeto kwa 2021 kunabwera mwana wa achemwali anga kuchokera ku Chiradzulu. Ankabwereza Fomu 4 pa sukulu ya masana, ndipo tinagwirizana kuti m'mawa azindigwirira shopu, ine ndizimulipirira fizi. Anali mnyamata wofatsa, wa manja achangu pa kiyibodi. Makasitomala ankamukonda kuposa ine, ndipo zimenezo ndinkaziona.

Matenda a kompyutayo anayamba pang'onopang'ono. Mausi inkangouma kwa kanthawi, kenako n'kumveka kaphokoso kaja kamene Windows imaliza chinthu chikazulidwa, pomwe palibe wakhudza kalikonse. Flashi inkaoneka, uli pakati pokopera n'kusowa. Pulinta inkaima pakati pa tsamba, CV ya munthu n'kutuluka yopanda miyendo. Ma hard disk a m'thumba aja ndiye ankangolira tiki, tiki, tiki, osatseguka. Mabowo a kumbuyo ankapirirako, a kutsogolo ankagonja msanga, ndipo zinkanyanya ukalowetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Munthu wofatsa akanaona kuti zizindikiro zonsezi zikuloza kumodzi. Ine ndinali ndi mayankho kale ndisanafunse funso.

Yankho loyamba linabwera lokha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi 130MW, ndipo magetsi anayamba kuzimazima kwa maola ambiri. Kasitomala aliyense wodandaula ndinkamuuza kuti ndi magetsiwa, iye n'kuvomereza, pakuti naye kunyumba kwake kunali mdima. Sindinkanena kuti vutolo linayamba Ana asanabwere. Sindinkanenanso kuti mnzanga wa shopu ngati yanga, pa mzere womwewo wa magetsi, kompyuta yake ya kaunjika ija ndinaikana inkagwira ntchito bwinobwino.

Usiku ndinkakhalira mankhwala a pa intaneti. Ndinatsegula Device Manager n'kupeza kachizindikiro kachikasu ndi Code 43, ndinachotsa ma driver onse a USB kuti Windows iwaikenso. Ndinazimitsa dongosolo lija limagoneka mabowo a USB pofuna kusunga magetsi. Ndinazula kabatire kobulungira ka pa motherboard kuti BIOS ibwerere poyambira. Mabandulo a usiku ndinawamaliza pokopera ma driver ndi ma antivirus. Njira zimenezi si zabodza, ndipo pa kompyuta ina zimachiritsadi. Pa yanga chilichonse chinkaoneka ngati chathandiza kwa tsiku limodzi, chifukwa matenda obwera n'kupita amakupatsa tsiku labwino lakuti udzinamize nalo. Zikakanika ndinkafufuta zonse n'kuikanso Windows, ntchito imene ndinkaidziwa bwino ndiponso yooneka yaukatswiri kwa munthu woonerera. Ulendo wina ndinafufutira limodzi chikwatu chonse cha ma CV a makasitomala, anthu n'kumabweretsanso mapepala awo kuti titaipe mwatsopano. Wotaipa anali mnyamata uja.

Kenako ndinayamba kuwaza ndalama. Ndinagula hub ya mabowo anayi yopanda magetsi akeake, osaganiza kuti ndikugawa kanayi chakudya cha bowo limodzi. Bowo la USB 2.0 linapangidwa kuti lipereke 500mA basi, pomwe hard disk ya m'thumba poyamba kuzungulira imatha kufuna yoposa pamenepo. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo ya zipangizo n'kukwera, koma ine ndinakongola ndalama kubanki m'khonde ya mayi akunyumba n'kugula khadi ya USB 3.0, ya mabowo abuluu, poti ndinawerenga kuti amenewo amapereka 900mA ndipo H61 payokha ilibe. Khadiyo inkayamwa magetsi ku power supply yomwe ija. Paja amati safunsa anadya phula. Ine phula langa ndinkadyetsa ena.

Mnyamata uja anandiuza zoona kangapo. Tsiku lina m'mawa atangokolopa, ali chosavala nsapato pa simenti yonyowa, anati, "Malume, bokosili likuluma. Ndikakhudza kumbuyoku ndikumva nyesi." Ndinaligwira ndili m'nsapato zanga za labala, osamva kanthu, n'kumuuza kuti asiye mantha akumudzi. Tsiku lina anati akamalowetsa chingwe cha pulinta kukada amaona kamoto. Kenako anabwera ndi kope lake la Biology, n'kutsegula tsamba lomaliza. Anali atajambula mabowo onse, kutsogolo ndi kumbuyo, aliyense ndi nambala yake, ndipo pansi pake analemba tsiku, chimene chinalowetsedwa ndi chimene chinachitika. "Taonani malume, flashi imodzi siivuta kawirikawiri. Zimavuta pakakhala disiki, kapena foni ikamatchajidwa." Ndinamufunsa kuti kodi fizi ndimalipira kuti azijambula mabowo, n'kuponya kopelo pa tebulo.

Mawu akuti foni ndi amene ndinatolapo. Ndinayamba kunena kuti anzake akumabwera kudzatchaja mafoni ndi kulowetsa maflashi odwala ine kulibe. Mlanduwo unali ndi pogwira, chifukwa vairasi ija yobisa zikwatu n'kusiya ma shortcut inalidi ponseponse m'mashopu obena nyimbo, ndipo nafenso inkatipeza. Koma vairasi imeneyo siumitsa mausi, ndipo ine ndinkadziwa. M'nyengo ya chiperoni mphunzitsi wina anabwera ndi flashi yokhala ndi ntchito yake ya teremu yonse, inazima pakati pokopera n'kukana kutsegukanso. Anakalipa, anthu n'kuyamba kusuzumira pakhomo. Ndinatembenukira mwana wa mlongo wanga n'kumulalatira pamaso pa gulu, kumunena kuti ndi wosasamala, woononga bizinezi, wosayamika. Sanayankhe. M'mawa mwake ndinamupatsa ya minibasi kuti abwerere ku Chiradzulu. Mayeso a MSCE anali atalembetsa kuno ku Blantyre, ndipo anali pafupi. Ndinati nthawi yake ikakwana adzabwere adzalembe. Sanabwere, ndipo ine sindinaimbe foni.

Atachoka, mausi inapitiriza kuuma. Panalibenso mnzake wobwera kudzatchaja foni, shopu ndinkatsegula ndekha n'kutseka ndekha, koma kaphokoso kaja kankalirabe. Ndinauza mayi akunyumba kuti mavairasi amene anasiya mwanayo ndi okhwima.

Mu Okutobala, kukutentha, kunabwera mayi wina wachikulire wa ku Chiwembe atakulunga hard disk m'kampango. Munali zithunzi ndi vidiyo ya ukwati wa mwana wawo wamkazi. Amuna awo anamwalira patangopita miyezi yochepa ukwatiwo utachitika, ndipo m'vidiyomo ndi mokhamo mmene munali mawu awo, akulankhula pa phwando. Wojambula anali atafufuta kale zake. Mayiwo ankafuna ndiwakoperere pa maflashi awiri oti atumize kwa ana awo ku Johannesburg. Ndinalowetsa disikiyo kutsogolo, chifukwa kumbuyo kunafuna kugwada, ndipo sindinafune kugwada pamaso pa kasitomala. Ndinalowetsanso maflashi onse awiri. Ndiye poona kuti mafayilo ali balala, ndinaganiza zowachitira ulemu powasanja m'zikwatu pa disiki pawo pomwepo, uku kukopera kuli m'kati. Inalira tiki, tiki. Inasowa, n'kubwera, n'kusowanso. Itabwera komaliza, Windows inati disikiyo iyenera kufomatidwa kaye isanagwiritsidwe ntchito.

Pamenepo zinthu zinali zisanatayike. Uthenga umenewo kawirikawiri umatanthauza kuti mndandanda wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili wasokonekera, koma mafayilo enieniwo akadalipo. Chofunika ndi kuzula disikiyo, osalembapo kalikonse, n'kupita nayo kwa wodziwa. Mayiwo anali pa benchi akundiyang'ana. Ndinadina kuti ifomate. Ngakhale pamenepo zambiri zikanapulumuka, chifukwa kufomata kwachangu sikufufuta zam'kati. Koma pofuna kuti asaone disiki yopanda kanthu, ndinatenga zimene zinali zitalowa kale m'maflashi, zosakwana theka, n'kuzikoperanso pa disikipo, pamwamba pa zimene zikanapulumuka. Vidiyo munalibe. Ndinawauza kuti disiki yawo inabwera ndi vairasi, ndapulumutsa zimene ndikanatha. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Zikomo bambo, mwayesetsa." Anamasula pangodya ya chitenje n'kundilipira. Ndinalandira.

Sabata yomweyo ndinanyamula bokosi lonse pa kabaza wa njinga yamoto kupita ku Limbe, kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV pakhonde la sitolo. Sindinapite kwa akatswiri a makompyuta chifukwa amandidziwa. Ndinayamba kuwafotokozera za ma driver ndi Code 43, iwo n'kumangogwedeza mutu uku akumasula chivundikiro. Sanapemphe sikilini. Anatenga mita yawo yakale yomata ndi tepi, n'kubaya nsonga imodzi pa waya wofiira wa pulagi ina yochokera mu power supply, inayo pa wakuda, n'kundiuza kuti ndiyatse.

"Werengani, achimwene. Maso angawa atha."

Ndinawerenga 4.6.

"Pamenepa payenera kukhala 5. Ikatsika isapitirire 4.75, ikakwera isapitirire 5.25. Tsopano lowetsani disiki."

Anandibwereka yawo. Itangoyamba kuzungulira, manambala anagwa kufika 4.2, disiki n'kulira tiki kuja ndinazolowera. Anandiuza ndizule, manambala anakwera. Lowetsaninso, anagwa. Anandichititsa zimenezi mobwerezabwereza mpaka ndinachita manyazi, ngakhale iwo sankaseka. Kenako anati mabowo a kutsogolo amavutika kwambiri chifukwa magetsi ochepa omwewo amadutsanso m'timawaya tating'ono totalika, n'kutsikanso panjira. "Madzi akafooka m'paipi, oyamba kuuma ndi mpopi wa kumtunda. Inu chaka chonse mwakhala mukusintha mipopi."

Anazula chingwe kukhoma, n'kudikira kanthawi asanatsegule power supply, akundichenjeza kuti makapasita aakulu a m'menemo amasunga moto ngakhale mutazimitsa, ndisadzayerekeze kutsegula ndekha. M'kati munali mphako. Pa bolodi panali malo ojambulidwa a zipangizo zimene sizinaikidwe n'komwe, ena ongolumphitsa ndi kawaya. Makapasita awiri a mbali ya 5V anali atatupa pamutu, imodzi itatulutsa utoto wofiirira umene unauma. 500W ija inali pa pepala lomata kunja basi.

Ndinkaganiza kuti tamaliza, koma anatola chingwe changa cha mano awiri n'kuchiyang'anitsitsa. Anafunsa kuti kushopu ndimachilowetsa pati. Ndinatulutsa ekisitenshoni m'chikwama, poti ndinabwera nayo. Anaimasula n'kundionetsa: mawaya awiri okha, opyapyala, wa earth mulibe. Pulagi ya ku Ulaya ija earth yake imakhala pa tizitsulo ta m'mbali, ndipo m'ekisitenshoni yotere sitikhudza kanthu. Analumikiza kompyuta kudzera m'zinthu zanga zomwezo, n'kugunditsa tesita pa chitsulo cha bokosi. Kanyali kake kanayaka. Anafotokoza kuti m'power supply mumakhala timakapasita tosefa magetsi tolumikizidwa ku chitsulo cha bokosi, ndipo kamphamvu kamene timadutsitsa kamayenera kuthawira mu earth. Earth ikasowa, bokosi limatha kuyandama pafupifupi pa theka la 230V, mphamvu yake yochepa koma yomveka pakhungu, ndipo chitsulo cha kukamwa kwa bowo lililonse la USB n'cholumikizana ndi bokosilo. Kamoto ka chingwe cha pulinta kankachokera pamenepo. Anawonjezera kuti tsiku limene waya wamoto ukanakhudza chitsulo m'katimo, fyuzi sikanaphulika, bokosi likanangodikira dzanja.

"Kodi simunamvepo likuluma?"

Ndinati ine ayi.

"Nanga palibe wina amene amaligwira? Wokolopa, mwana, aliyense wosavala nsapato?"

Ndinati analipo mwana wa achemwali anga.

"Sananene?"

"Ananena, madala."

Sanafunsenso. Anabweza zomangira m'malo mwake, n'kunditumiza kwa munthu wogulitsa zakale kuti ndikagule power supply yolemera, yozulidwa m'kompyuta ya mu ofesi, ndi chingwe cha pulagi yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Anati ndikaitane wamagetsi ayeze ngati soketi ya kukhoma ili ndi earth yeniyeni, ndipo mabowo a kutsogolo ndiwazule pa motherboard, ndizigwada. Zonse pamodzi zinadya ndalama yochepa kuposa khadi ya mabowo abuluu ija. Windows sindinaikhudze. Kuyambira tsiku limenelo mausi sinaumenso.

Mayi a ku Chiwembe ndinawafunafuna kudzera kwa anthu a kutchalitchi kwawo. Ndinawauza kuti kunalibe vairasi, disiki yawo ndinaiwononga ndine, ndipo ndinanama. Ndinabweza ndalama yawo, n'kupempha disikiyo. Mwamwayi anali asanaikepo china. Ndinaiyendetsa pa PhotoRec, pulogalamu yaulere imene imafufuza mafayilo pa disiki posadalira mndandanda uja, ndipo inagwira ntchito usiku wonse. Zithunzi zambiri zinabwerera, zopanda maina, zongokhala ndi manambala, zina zoduka pakati theka lake lotuwa. Vidiyo inabwera chidutswa. Imaonetsa anthu akulowa m'tchalitchi, akwati akufika kuguwa, kenako imaima. Gawo la phwando, pamene bambo aja analankhula, ndi limene ndinalembapo pamwamba ndi manja anga. Mayiwo anaonera chidutswacho pa benchi yomwe ija, n'kufunsa ngati ku Lilongwe kapena ku Joni kungapezeke makina obweza chotsalacho. Ndinawauza kuti cholembedwa pamwamba sichibwerera kulikonse. Sanandikalipire. Ngongole ya kubanki m'khonde mayi akunyumba anaimaliza okha ndi ndalama ya mandasi, ndipo mphunzitsi uja mpaka lero amadutsa tsidya lina la msewu.

Ku Chiradzulu ndinapita nthawi ya dzinja, nditanyamula shuga ndi sopo. Achemwali anandilandira bwino, n'kundiyalira mphasa, koma nkhani ya mwana sanaiyambe. Ndinaiyamba ndine, pamaso pa alamu anga. Mnyamatayo anaitanidwa kudimba, anabwera matope ali m'miyendo, n'kukhala pansi chapatali. Ndinamufotokozera za 4.2, za makapasita otupa, za waya wa earth, n'kumuuza kuti zimene analemba m'kope zinali zoona zokhazokha, kuti ndinamunamizira pagulu, ndipo ndikufuna abwerere adzalembetsenso mayeso, fizi ndilipira ine. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati mabowo a kumbuyo tsopano akunyamula disiki ndi pulinta nthawi imodzi. Ndinati akunyamula. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Zikomo malume, ndamva. Koma kubwerera ku tauni ndiye ayi, ndinayamba kale za tomato." Achemwali anayang'ana kumbali. Ndalama ya fizi ndinawasiyira iwo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anagulira feteleza ndi mankhwala opopera. Mayeso a Fomu 4 sanalembe, chaka chimenecho ngakhale chotsatira.